Denga la a Makhuwira

Zaka makumi awiri ndikukhoma madenga pa Chitakale pano,
pensulo yanga imangogona kukhutu.
Ndiye a Makhuwira anabwera ndi chithunzi chong'amba pakalendala:
denga la mbali zinayi zokumana pansonga imodzi,
ati okwera phiri azimwera tiyi pansi pake.

Ndinayeza. Mamita sikisi uku, sikisi uko,
mzati wapakati folo.
Ndinawerengera mumtima, malata ndinagula.
Mbali zitatu zinavala bwinobwino,
yachinayi inangofunda kumapazi,
chiperoni chili tsetsereke kuchokera ku Lichenya.

Dolika anafika ndi chinangwa chotentha m'kambale,
yunifolomu ya Fomu Fili yanyowa m'mapewa.
Anayang'ana mmwamba, sanaseke.
Anatola msomali wopindika, nanjuta pansi.

Iyi ndi piramidi, bambo.
Mwayeza mzati,
koma mvula siyenda pamzati,
imatsetsereka padenga.
Yezani njira ya mvulayo.

Ndinakwera, tepi kukamwa, mawondo akunjenjemera,
kuchoka pansonga mpaka pakati pa mlomo wa denga.
Faifi!
Mita yathunthu inandibisalira pamalo otsetsereka
ngati njoka m'mizere ya tiyi.

Mbali iliyonse ili ndi makona atatu, anatero,
ndiye sikisi kuchulukitsa ndi faifi, mudule pakati: fifitini.
Mbali zilipo zinayi: sikisite.
Inu munagula za fote-eyiti.
Ndinakanda m'mutu mopanda nyerere.

Ndimati watha, ndiyambe kutafuna.
Ayi ndithu, msomali uja unabwerera m'dothi.
Nanga pansi pake? Piramidi ili ndi nkhope zisanu,
yachisanuyo imayang'ana pansi,
anthu amaiiwala chifukwa siinyowa.
Siling'i yanu imeneyo: sikisi kasikisi, sate-sikisi.
Zonse pamodzi, masikweya mita nayinte-sikisi.

Nkhope yoyang'ana pansi.
Ndinakumbuka amake, m'munda wa kampani,
msana kumwamba, dengu kumbuyo,
kuthyola nsonga ziwiri ndi kamphukira
kuti mwanayu akakhale pa desiki.
Powerenga nyumba yanga ndinkayamba ndi denga nthawi zonse.

Malata otsalawo ndinakatenga pangongole kwa Mussa.
A Makhuwira sanadziwe kanthu,
amangouza alendo kuti mmisiri wawo ndi katakwe.

Mvula ya usiku uja inafufuta masamu onse pansi paja.
Koma m'mawa, Dolika akumanga nsapato,
ndinachotsa pensulo kukhutu kwanga,
yofupika, yolumidwalumidwa,
n'kuipachika kukhutu kwake.
Inagwa. Anaitola.