Zilembo Zisanu

Ku Bangula dzuwa silidikira munthu.
Sikisi koloko malata a shedi yanga ayamba kale kuthetheka,
mipeni inayi ili gone pathabwa,
yonse ana a sipuling'i imodzi
ya lole ya nzimbe imene inafera pamsewu wa ku Nchalo.

A Fombe, opha mbuzi pamsika, anati:
"Undilembere dzina pachitsulopo,
anyamata a masiku ano manja ngataliatali."
Zilembo zisanu zokha. Ndinaseka.

Woyamba ndinauviika wonse m'viniga wofunda
kuti ude bii, dzimbiri lizichita nawo manyazi.
Unada, inde,
koma pakati panatsala chala changa chachikulu,
choyera, mizere yake yonse,
ngati ndadinda ngongole kwa wakatapila.
Thukuta limenelo.
Tsopano ndimatsuka ndi sopo, ndi sipiriti,
ndipo ndimagwira ndi pulayala ngati nkhanira.

Wachiwiri ndinaupaka phula la njuchi,
ndinakanda dzina ndi singano,
ndinadontheza asidi wa m'batire
wothira m'madzi pang'onopang'ono.
Anali masana a Okutobala.
Phula linalefuka, linayenda,
O anakalowa m'nyumba ya M,
dzina lonse linasanduka chithaphwi.
Ntchito iyi njammamawa,
mbalame za m'dambo zisanamalize kutsokomola.

Wachitatu tinthovu tinakhala pazilembo
ngati anthu obisala mvula pakhonde,
pansi pake asidi osaluma.
Ndinatisesa ndi nthenga ya nkhanga,
dzina linatuluka, lakuthwa, lokongola.
Ndinatsuka ndi madzi a pamjigo, amchere aja, nkukagona.
Kutacha lili psuu, dzimbiri.
Mlongo wanga Jesinala anangoyang'ana kamodzi,
nanditambasulira chidulo cha therere:
"Chowawasa sichichoka ndi madzi okha."
Kenaka mafuta, kadontho.

Wachinayi ndinachita zonse mwa lamulo.
Mbandakucha, manja oyera, nthenga, chidulo.
FOMBE anaima chilili.
Koma kufupi ndi nsonga
panali kamtambo kotuwa, kukula ngati tsamba la bwemba,
pamene chitsulo chonse chinada.
Ndinapala ndi sandipepa, ndinaviikanso. Kalipo.
Ndinasintha viniga. Kalipo.
Ndinatukwana wa golosale, ndinatukwana botolo,
ndinatukwana ngakhale lole ija.

Madzulo ndinatenga tupa.
Pamphumi pa mpeni linatsetsereka, kulira ngee.
Pakamtambo paja linaluma, phee,
ngati dzino m'mbatata yophika.

Ndipamene ndinakumbukira.
Tsiku lozimitsa mpeniwo m'oyilo
makala a tsanya anali atatha mphamvu mbali imodzi,
foni inali kulira m'thumba,
ndipo ndinati, wafiira mokwanira,
ndani adzaone?

Asidi anaona.
Iye sajambula chimene ndikufuna,
amangowerenga mokweza
zimene moto unalemba kale.

Mawa mpeni ubwerera kung'anjo.
Dzina lipsa, ndilipala, ndilikandanso.
A Fombe atuma kamwana kudzafunsa,
ndakauza kuti Loweruka.
Kaima pakhomo, kakuyang'ana mipeni itatu yolakwika ija,
kenaka kaloza woyamba uja:
"Nanga uwu wa chala, mugulitsa zingati?"