Moni wa Loweruka

Ndinali padenga ku Bauleni, misomali itatu m'kamwa,
pamene kandegeko kanadutsa koyamba,
koyera, kamchira kofiira,
m'munsi moti ndinaona wotchi pamkono wa mwiniwake.
Malata osakhoma anadzuka okha,
nkhuku za a Zelesi zinathawira kuseri kwa bafa,
ana ali pambuyo: Titengeko! Titengeko!

Anthu anati ndi Lekani, mwana wa a Njobvu a ku Kabulonga,
akupereka moni kwa mtsikana wosoka zovala pamsika.
Loweruka lililonse.
Ankapendeketsa phiko, uku, kenako uku,
ngati munthu wovula chipewa.

Ine ntchito yanga ndi ya pamwamba, ndiye ndikudziwako:
munthu amayamba kugwa tsiku limene waleka kuopa.
Wouluka kutali, injini ikatsokomola,
ali ndi nthawi yosankha munda, yopempherako.
Wam'munsi alibe ngakhale yomeza malovu.
Ndipo waya wamagetsi suoneka dzuwa likakhala kumaso.
Umangodikira, woonda, wosalankhula,
pakati pa mapolo awiri.

Mu Okutobala, mpweya utapepuka ndi kutentha,
kanabwera mochedwa, dzuwa litapendeka,
m'munsi kuposa kale.
Khwangwala anadzuka padzala.
Kanamuzemba.
Wayawo sikanauzembe.

Za phokoso musandifunse.
Ndimakumbuka zii amene anatsatira:
mawayilesi onse kuzima kamodzi,
chigayo cha a Daka kuima thumba lili pakati,
kenako fungo la mafuta.

Kanagwera pabwalo la mpira, cha kugolo la kumpoto,
pomwe mwana wanga Ganizani anali ataima masana onse
mpaka nditamukuwira kuti akagule misomali.
Anapita akung'ung'udza.
Misomali ya makwacha makumi awiri!
Ina ndili nayobe m'chitini, sindiikhoma.

A Njobvu anabwera m'mawa mwake ndi galimoto yakuda,
anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo,
akuyang'ana waya, osati pansi.
Wosoka uja anasamuka, makina ake pawilibala.
Pamalopo udzu sunamerebe,
ndipo ana amazungulira ndi mpira wawo popanda wowauza.

Masiku ano ndikamva injini kumwamba
ndimaika hamala pansi, n'kutchinga maso ndi dzanja.
Ndikaona kuti ndi kadontho chabe,
kakang'ono ngati nthata pamsana pa mtambo,
ndimalavula misomali m'manja,
n'kunena chamumtima: khala komweko, m'bale wanga,
moni wako tamva.