Mphindi Makumi Anayi

Tsikuli si langa.
Ndinaligulitsa kale ku esiteti,
komwe ndimapachika madengu a tiyi pasikelo
n'kulemba makilo a eni ake m'buku.
Zanga ndi nyenyeswa za m'bandakucha,
mphindi makumi anayi belu la kufakitale lisanalire,
ndipo mwana akachezera kutsokomola
zimatsala makumi awiri.

Ndimatuluka monyang'ama,
nsapato kumanja, njinga paphewa
kuti kulira kwa tcheni kusadzutse Nagama.
Panja chiperoni chafafaniza Thyolo yense,
chasiya ine ndi galu wa aneba.
Kupopa. Kulavulira m'manja. Ulendo.

Anyamata a ku Limbe amati
mwendo umapsa ndi maola asanu pachishalo.
Maola asanu ndiwabe kuti?
Ine ndili ndi chitunda chimodzi
pamsewu wa ku Makwasa, kuseri kwa mibulugamu,
ndipo ndimachikwera kasanu.
Wotchi yanga ndi foni yosweka galasi
yomangidwa ndi mphira pahandulo.
Ikanyowa ndimawerenga mapolo a magetsi:
khumi ndi awiri kupita kumwamba,
khumi ndi awiri omwewo pobwerera, ndili wefuwefu.

Koyamba miyendo imang'ung'udza.
Kachiwiri imavomera monyinyirika.
Kachitatu mtima wayamba kuvina tchopa m'nthiti,
malovu akoma dzimbiri,
ntchafu zayaka ngati wazithira tsabola wa kambuzi.

Othyola tiyi atulukira mu nkhungu,
madengu kumsana, mapepala a pulasitiki m'chiuno.
Mayi Mukhuna aima, manja m'chiuno:
"Akalaliki, kodi munataya chiyani pamtundapa?
Dzulo pomwepa, dzana pomwepa.
Nenani tikufunireni!"
Phwete lonse la mzere.
Mpweya woyankhira ndilibe.

Kachinayi, pa polo lachisanu ndi chiwiri,
ndimva likhweru kumbuyo.
Ndi Namakhwa wa nthochi, wochokera ku Molere,
mikoko inayi pakaliyala,
pedulo imodzi chitsulo chokhachokha,
patapata womangidwa ndi waya.
Andipitirira.
"Mwadzuka, bwana?"
Sakupuma n'komwe mwamphamvu.
Ine ndi kabudula wanga wothina wa pakaunjika,
chipewa cholembedwa dzina la mzungu wina,
ndingoona nthochi zikugwedezeka, zikuchepa,
zikulowa mumtambo.

Iye sakonzekera mpikisano uliwonse.
Akuthamangira malo pamsika wa Bvumbwe.

Ndikanatsika pomwepo.
Koma kwatsala masabata atatu,
ndipo chaka chatha ndinafika wa nambala sate-wani
mwa anthu makumi anayi,
kumbuyo kwa njinga zopepuka ngati lichero
zamtengo wa nyumba yamalata.
Sindifuna chikho.
Ndifuna nambala yoyamba ndi thuu,
ndifuna kuti pa chitunda chomaliza
wina amve likhweru langa kumbuyo kwake.

Kachisanu ndiye palibenso kuganiza.
Polo. Polo. Phula. Polo.
Pamwamba nkhungu yang'ambika pang'ono,
Mulanje wasuzumira kum'mawa
ngati kapitawo woona amene wachedwa.

Kutsetsereka, misozi ya mphepo m'makutu.
Madzi a pampopi, ozizira ngati ngongole.
Nagama wadzuka. Sanena kanthu
za ndalama ya shuga imene inasanduka chubu,
angondiponyera mbatata yootcha m'thumba la malaya
n'kuti, "Mafuta a tcheni ali pakolala."

Belu.

Tsopano ndakhala pansi pa shedi, cholembera kukhutu,
miyendo ikunjenjemera yokha kunsi kwa tebulo
ngati ikadali pamsewu.
Dzuwa lakwera, mzere watalika.
Mayi Mukhuna apachika dengu lawo,
muvi wa sikelo uvina, uima.
"Makilo khumi ndi anayi," nditero.
Iwo andiyang'ana, apukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje:
"Nanga chija, mwachipeza?"

Ndilemba folotini m'buku.
"Mawa," nditero. "Chili chapamwamba pang'ono."