Njira Yobwerera

Endel anafika galaja isanatsegulidwe,
mutu uli kunja kwa windo ngati galu,
chipewa chitayera ndi chipale chofewa.
Kuchokera ku Kunda mpaka kuno ku Rakvere
malole akhala akumuwaza mchere ndi matope,
mawaipa n'kumangopaka, kumangopaka,
galasi lonse mbuu.

"Madzi sakutuluka, Maarika.
Thanki ndadzaza ndekha, abuluu aja osaundana."

Ndinati dinani.
Ndinagunditsa khutu pa boneti.
Zii.
Pampu yamoyo imalira ngati njuchi m'botolo,
ngakhale payipi itatsekeka imadandaulabe.
Iyi sinatsokomole n'komwe.

Bambo anga ankati yamba ndi chotchipa.
Fyuzi ndinaizula kunsi kwa chiwongolero,
kuipenyetsetsa pa getsi,
kawaya kake kali gwa, kosaduka.
Rileyi ndinaigwira ndi chala, iye n'kudinanso:
thi, thi. Ikuyankha.

Basi tayala lakumanja lichoke,
chipulasitiki cha m'madigadi chichoke.
Timabatani tiwiri tinathyoka ndi kuzizira,
madzi akuda akundidonthera m'khosi,
ndinatukwana chamumtima.

Pulagi ya pampu. Mita.
"Dinani!"
Mavoti khumi ndi awiri, osaperewera.
Moto ukufika pakhomo.
Nanga bwanji?

Apa mpomwe anyamata amathamangira pampu yatsopano,
mayuro makumi atatu,
mawa lake n'kubwera nkhope zili zyoli.
Ine ndinatenga mawaya anga awiri,
kuchokera ku batire osakhota,
pampu inati vuu, n'kundilavulira kumaso.
Ilibe mlandu.

Iye ankayankhula ali pa mpando, chitseko chili pululu.
Lachiwiri ndi Lachisanu amapita ku Tartu,
ku nyumba ya okalamba, chipinda chakumapeto.
Õie amamulandira mwaulemu
monga mmene angalandirire wodzawerenga mita ya madzi.
"Ndimamuuza za mphaka, za denga lodontha.
Amamva. Ndikudziwa amamva."

Sindinayankhe.
Ndinali kulondola waya wabulauni
ndi zala zochita dzanzi,
kudutsa tepi wakale, kudutsa masamba a chaka chatha.
Magetsi sadziwa ulendo wopita kokha.
Akasowa njira yobwerera
amangoima pakhomo ndi katundu wawo yense,
osagogoda.

Ndinaupeza kuseri kwa nyali,
pa bawuti pomwe ethi imagwira thupi la galimoto,
utabiriwira ngati ndere.
Mchere wa zaka khumi unaudya mwakachetechete,
ulusi umodzi umodzi.
Ndinangoukhudza,
unathothoka ngati dzino la mwana.

Kudula, kusenda mpaka mkuwa uwale,
sandipepa pa chitsulo mpaka chiseke,
kamutu katsopano, bawuti, girisi wa chala chimodzi.

"Dinani."

Madzi anadumpha denga la galimoto
n'kukanyowetsa kalendala pakhoma,
Febuluwale yense chonchobe.
Timabowo tinali titapenya kumwamba.
Endel anaseka, koyamba m'mawa wonsewo,
anamasula pini pa sikafu yake.
"Ya Õie iyi, musaithyole."
Ndinalowetsa nsonga, kukhotetsa pang'ono,
pang'ononso,
mpaka madzi anagwa pomwe maso amadutsa.

Pa risiti ndinalemba: waya mmodzi, ola limodzi.
Anawerenga ndi magalasi ali pamphuno.
"Ndiye moto unkafika nthawi yonseyi?"
Ndinati unkafika.
Anaima, kuyang'ana kachidutswa kobiriwira kaja pansi,
anakatola, anakaika m'chikwama pamodzi ndi chenji.

Anatuluka chambuyo, akuwaza madzi popanda chifukwa,
kawiri, katatu,
galasi lili mbee, msewu wa ku Tartu uli wakuda.

Pini ndaipeza madzulo ano m'thumba la ovololo.
Ndaibaya pa kalendala, pa Lachisanu,
pomwe pepala silinaume.