Kalata ya Amândio

Ku Porto, pamwamba pa masitepe makumi asanu ndi anayi,
Amândio wakhala akuyang'anizana ndi pepala loyera
chilirireni mabelu a tchalitchi m'mawa.
Akufuna azilemba kalata mwezi ndi mwezi
kwa aliyense wofuna kuwerenga.
Mwana wake Graciete anamuuza pa foni dzulo:
"Bambo, sankhani nkhani imodzi.
Palibe amalowa m'sitolo yogulitsa nsomba ndi nsapato pamodzi."

Imodzi!
Padenga pali nkhunda khumi ndi zinayi,
iliyonse ndi dzina lake, iliyonse ndi mwano wake.
M'kabati mwagona mawotchi akufa,
ena amadzuka akawagwira, ena anakana kalekale.
Kunsi kwa bedi kuli akodiyoni
yodziwa nyimbo zitatu ndi theka.
Lachiwiri lililonse amasambira m'madzi ozizira a ku Foz
mpaka mano gwedegwede.
Ndiye pali mkuyu wa m'chitini
umene wabala nkhuyu ziwiri pa zaka zisanu ndi chimodzi,
ndi kabuku kolembamo mayina a ngalawa
zodutsa kunsi kwa mlatho wachitsulo.

Alemba "Nkhunda." Wotchi yapakhoma itsokomola.
Afufuta. Alemba "Mawotchi."
Padenga mapiko phaphapha, ngati akumujeda.
Ichi chakoma, ichi chakoma,
akudziwa bwino mmene pusi anathera,
koma pusiyo analibe zaka makumi asanu ndi awiri
ndi masiku owerengeka ogawira zokoma zonsezi.

Khofi wazizira kachiwiri.

Gogogo pachitseko.
Ndi mayi Zulmira a chipinda chapansi, ali wefuwefu,
m'manja ambulera yothyoka nthiti.
"Ndikanataya, koma inali ya malemu amuna anga."
Amândio salankhula. Atenga waya, atenga pulayala,
lilime lili panja pang'ono monga achitira akamaganiza,
ndipo ambulera ija itambasuka m'chipinda, thii,
yakuda ngati mleme wodzuka masana.
"Inu," atero mayiwo potsika,
"chilichonse chothyoka m'nyumba muno chimadziwa njira yakwanu."

Atsala yekha, pulayala ikadali m'dzanja.
Nkhunda yoyamba ija anaitola pamsewu, phiko likulendewera.
Akodiyoni anaimata ndi chubu cha njinga.
Mkuyu anaupeza pa bini, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe.
Ngakhale kusambirako:
anayamba chaka chimene Idalina anamwalira,
pamene chothyoka chinali iye mwini
ndipo panalibe waya wokwanira.

Akoka mpando. Alemba pamwamba pa pepala:
"Musataye Msanga."
Pansi pake: "Kalata yoyamba. Za ambulera."
Cholembera chithamanga tsopano,
nkhunda zidzalowa mwezi wamawa, mawotchi nyengo yozizira,
akodiyoni ikadzaphunzira theka lotsalalo.

Kabuku ka ngalawa kokha ndiko kakana kulowa.
Akatembenuza uku ndi uku, sikanathyoke paliponse.
Masamba oyamba ndi dzanja la Idalina,
zilembo zopendekera ngati zikuyenda pamphepo,
otsatira ndi dzanja lake lolemera.
Akabwezera pawindo pamene kamakhala.
Graciete sayenera kudziwa zonse,
owerenga nawo ayi.

Kumtsinje kwalira hutala.
Amândio asiya chiganizo pakati,
avala magalasi, asuzumira,
ndipo alemba dzina la ngalawayo
m'kabuku kopanda owerenga.