Bowo la Kiyi

Moto utadutsa paphiri lathu ku Valparaíso
nyumba ya mayi inatsala chitseko chokha,
chakuda mbali imodzi ngati buledi woiwalika mu uvuni.
Ndinachisenza masitepe zana ndi makumi anayi
n'kuchiimika kuseri kwa bafa.
Chinakhala pamenepo zaka zisanu ndi zitatu.

Kenako Fresia, mwana wanga wamanzere,
anayamba kumachedwa pochokera kusukulu,
mphuno pagalasi la sitolo ina kumunsi kudoko.
Gitala ya amanzere inalimo imodzi yokha,
mtengo wake miyezi itatu ya thukuta langa
lothira girisi zingwe za chikepe chokweza anthu kuphiri.
Sanapemphe.
Kusapemphako n'komwe kunandilanda tulo.

Ndinajambula thupi la gitala ndi choko cha telala.
Sowo itangoluma, fungo la utsi wakale linatuluka,
ndipo ndinayamba ndakhala pansi kaye.
Bowo la kiyi linagwera mkati mwa mzere.
Eleuterio, wa nyumba yoyandikana nafe, anasuzumira pampanda:
litseke limenelo, lidzaoneka ngati chipsera.
Ndinati ndamva.
Sindinalitseke.

Khosi ndinasema kawiri.
Loyamba linapindika ngati msana wa wonyamula matumba kudoko.
Pa lachiwiri ndinakhomerera tizitsulo
ndi nyundo yovekedwa sokosi, rula ili pakamwa,
pakuti kuphonya kongofanana ndi tsitsi limodzi
ndi bodza lomwe khutu silikhululuka.

Maginito ndinazula m'sipika ya wailesi yakufa.
Waya wa mkuwa, wowonda ngati ulusi wa kangaude,
ndinakulunga ndi makina osokera a mlamu wanga Otilia,
phazi likupalasa, milomo ikuwerenga.
Ndimafuna zikwi zisanu ndi ziwiri.
Pa zikwi zisanu ndi kakhumi, waya uja: thu!
Mawu amene ndinanena usiku umenewo
sangalowe m'ndakatulo.

Sandipepala inandidya zidindo za zala
mpaka foni yanga inaleka kundizindikira.
Vanishi woyamba ndinapaka Loweruka madzulo;
usiku chifunga chinakwera kuchokera kunyanja
ndipo m'mawa gitala inali mbuu, ngati diso la ng'ala.
Ndinapala. Ndinapaka. Ntchentche inateramo.
Ndinapalanso.
Ndinaphunzira kununkhiza mphepo ndisanatsegule chitini,
kuika manja m'thumba ntchito ikamauma.
Pa ulendo wachisanu ndi chinayi ndinaona nkhope yanga m'thabwa,
ndipo pansi pa nkhopeyo, mkwingwirima wa moto uja
uli phee, wofiirira ngati uchi.

Lamulungu tinamanga nsambo, yonenepa pamwamba,
mozondoka kwa ena onse, molondola kwa iye.
Fresia analumikiza chingwe.
Sipika inang'ung'uza, inatsokomola,
kenako mawu a mwamuna, omveka bwinobwino:
sitima yonyamula zipatso idikire kunja kwa doko.
Gitala yanga inali kugwira wailesi ya amalinyero!
Eleuterio anaseka mpaka kugwira mpanda.
Ndinatsegula kumsana, n'kupeza kawaya kamodzi
kali lende, koiwalika.
Dontho limodzi la mtovu, kautsi pang'ono.
Zii.

Mwanayo anapukuta manja pabuluku.
Anakhwekhwereza chala kamodzi, ndipo anaphonya,
koma malata ananjenjemera,
agalu a phiri lonse anayankha,
Otilia anatulukira pakhonde supuni ili m'manja.
Chitseko chomwe mayi ankatiuza kuti tisamamenyetse
chinali kukuwa mmene chingathere.

Si yangwiro. Nsambo yachitatu imanyanyala kukazizira,
imalemera paphewa, ndipo kona imodzi ndinasema mopitirira.
Koma dzulo ndikulongedza zida
ndinamva kuti wina akundiyang'ana.
Fresia anali atainyamula kumaso,
diso limodzi pabowo la kiyi.
Ndinagogoda pathabwapo kawiri.
Iye anati: lowani.