Batani la Ziro

Anaibweretsa pa kabaza, yokulunga m'chitenje,
mayi wamasiye wa kalaliki wa pa esiteti ku Chamama.
"Akuti kuli anthu ogula makompyuta akale ngati iyi.
Tandiyezerani, mwina n'kupezapo ya feteleza."

Ndinaikhazika pabenchi langa, kuseri kwa depoti ya Kasungu,
pakati pa mafoni osweka ndi utsi wa mtovu.
Khungu lake lachita chikasu ngati fodya wa m'chigafa.
Masikuluwu anayi, koma imodzi si yake:
wina analowamo kale ine ndisanalowe.

Wogula wa ku Joni amafuna zithunzi, safuna nkhani.
Nambala ya kumsana ikuwerengeka?
Batire linadontha? Mabatani onse alipo?
Ndiye ndinatsegula.
Fumbi lofiira la zaka makumi atatu,
mazira a mphemvu, kanyumba ka mavu pakona,
makapasita awiri otupa ngati nkhupakupa zokhuta,
ndi dzimbiri lobiriwira, pang'ono chabe,
pomwe batire linalirira pa bolodi.

Ndinatsuka ndi mswachi ndi sipiriti.
Mabatani ena onse akadali ndi zilembo zawo,
koma la ziro linatha, see,
ngati mwala wochapirapo ku Bua.
Ndinadzifunsa: munthu amalemba chiyani ndi maziro okhaokha?

Magetsi atayaka cha m'ma folo
ndinalumikiza, n'kuima patali.
Inatsokomola. Fani inazungulira mokoka mwendo.
Kenako zilembo zobiriwira, mzere pa mzere:
mayina a matenanti,
chimanga cha ngongole, mchere, makasu, mankhwala a malungo,
mabelo a fodya,
ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse, zotsala.
Ziro. Ziro. Ziro.

Sindinafune kufufuza. Chala chinapita chokha.
Kamphata, Fanuwelo. Mabelo khumi ndi anayi.
Chaka chomwecho ndinasiyira sukulu sitandade sikisi
kabudula atang'ambika posasokeka.
Bambo ankati mvula ndiyo inatilakwira.

Mayi uja anali pakhomo, akudzikupiza ndi kabuku ka kuchipatala.
"Ili bwanji? Yamoyo?"
Yamoyo, mayi. Ikukumbukira zonse.
Anamwetulira. Sindinawafotokozere.

Pafomu ya wogula pali timabokosi tinayi:
yabwino kwambiri, yabwino, yofuna kukonza, yongochotsako zitsulo.
Ndinachonga kachiwiri,
monga ankachitira osankha fodya, osayang'ana nkhope ya mlimi.
Pa mzere wa zilema ndinalemba:
makapasita awiri, sikuluwu yachilendo, batani limodzi lakutha.
Pansi penipeni pali funso lina:
kodi zam'kati zafufutidwa?

Bolopeni ikadali m'manja.
Kunja oitanira minibasi akukuwa za ku Chinkhoma,
mayi akuwerengera matumba a feteleza pa zala,
ndipo fani ikuzungulirabe,
kundipumira kumaso fumbi la ku Chamama.